Kukhala barrister wa milandu yaupandu ndi ya manesi ku England: njira yake ndi iyi

Kwathu ku Malawi loya ndi loya basi, amene mwamupeza ku ofesi ndi yemweyo akaime pamaso pa jaji. Ku England ndi Wales ntchitoyi anaigawa pawiri, solicitor amakonza fayilo ndi kucheza ndi mwini mlandu, barrister ndi uja wa wigi amakatsutsana m'khoti.

Poyamba digiri, ya zamalamulo kapena ina iliyonse bola muwonjezere kosi ya zamalamulo ya anthu amene anaphunzira zina, imene amati GDL. Malinga ndi malamulo awo digiri ya giredi 2:2 ndi yokwanira koma tisanamizane, opanda 2:1, yomwe ndi yokwererapo, mukhetsa thukuta. Musanayambe Bar course, kosi yophunzitsa ntchito ya barrister, mulowe Inn (bungwe la ma barrister) imodzi mwa zinayi za ku London: Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple kapena Middle Temple. Osatengeka ndi dzina ayi, yang'anani ma scholarship awo chifukwa fizi ya kosiyi imapyola £12,000. Mukakhoza, n'kupezekanso pa ma qualifying session 10 (misonkhano yophunzira ya ku Inn), Inn yanuyo imakuitanirani ku Bar, kutanthauza kuti mwalandiridwa ngati barrister.

Koma pagona nkhani ndi pa pupillage. Ndi miyezi 12 yophunzira ntchito ku chambers, maofesi amene ma barrister amagwirira limodzi, 6 yoyamba mumangotsatira wamkulu wanu ngati mchira, 6 inayo mumayamba kuimirira nokha m'khoti. Malo ndi ochepa ofuna ndi khwimbi, mumafunsira pa Pupillage Gateway mu January ndipo muli ndi zaka 5 zokha chimalizireni kosi, ndiye yambani ma mini-pupillage, masiku ochepa okaonera ntchito ku chambers, mudakali pasukulu. Mukatha apo mumapempha tenancy, malo okhazikika ku chambers, ndipo dziwani kuti simulembedwa ntchito, mumadzilipira nokha n'kumasonkhanso ya lendi ku chambers.

Yambani ndi milandu yaupandu. Kalaliki wa ku chambers amakutumizirani fayilo 6 koloko madzulo, mawa lake muli pa sitima kusanache kupita ku magistrates' court ya tauni imene simunafikeko, munthu wanu mukampeza mu selo pansi pa khoti ndipo muli ndi mphindi zochepa chabe kuti mumve mbali yake musanakapemphe belo. Ntchito imaphunziridwa pamenepo, kufunsa mboni mpaka bodza lionekere lokha, kenako Crown Court pamaso pa jury ya anthu 12. Lembetsaninso pa panel (mndandanda wa maloya) ya CPS, ofesi ya boma yozenga milandu, ili ndi magiredi 1 mpaka 4, kuti muzizenganso milandu mbali ya boma. Ndalama zake za legal aid, zimene boma limalipirira osowa loya, ndi zomvetsa chisoni, mu 2022 ma barrister ananyanyala ntchito mpaka boma linakweza ndi 15%.

N'chifukwa chake ochenjera amagwiranso milandu ya mwambo wa pantchito. Madokotala amawazenga ndi a bungwe lowayang'anira la GMC ndipo mlandu umakamvedwa ku bwalo la MPTS ku Manchester, manesi ndi azamba ndi NMC, a mano GDC, apolisi nawo ali ndi mabwalo awo. Pezani secondment, kukagwira ntchito mobwerekedwa, ya miyezi ingapo ku bungwe ngati NMC, mukatuluka kumeneko mukudziwa mmene ma panel oweruza milanduyi amaganizira. Wigi mumasiya kunyumba, komanso kukuwa kwa ku Crown Court kuja sikugwira. Umboni sufunika kufika poti palibe chikayiko, bola zioneke kuti mwina zinachitikadi kuposa kusachitika, ndipo funso lalikulu ndi loti munthuyu ndi woyenerabe kugwira ntchito lero? Ndiye nesi amene wavomera kuti analakwitsa mankhwala, wakachita kosi, wabweretsa kalata ya abwana ake, atha kupulumuka ndi chenjezo pamene wokakamira kukana atha kufufutidwa m'kaundula. Abale athu ambiri ali m'zipatala za boma za NHS, kwa iwo PIN, nambala ya nesi ya m'kaundula, ikapita nthawi zina visa imagwedezekanso.

Werengani mlandu wa Dr Hadiza Bawa-Garba muone mmene mbali ziwirizi zimalukirana. Khoti linamupeza wolakwa mu 2015 pa imfa ya mwana ku Leicester, MPTS inangomuimitsa chaka chimodzi, GMC inachita apilo ndipo High Court inamufufuta mu January 2018, koma pofika August chaka chomwecho Court of Appeal inamubwezera m'kaundula. Mukamakaonekera pa intavyu ya pupillage, konzekerani kunena mbali imene inu mukanaima, chifukwa mukangoinena atha kukuuzani kuti tsopano itsutseni.