Momwe mungaphunzitsire ogwira ntchito pasukulu kuteteza ana ku anthu olowa ndi zida

Sukulu zambiri za mumzinda wa Lilongwe zinamangidwa poopa mbava zobwera usiku kudzaba mabuku, madesiki ndi ufa wa phala, n'chifukwa chake mawindo ake ali ndi zitsulo ndipo zitseko zimatsekedwa ndi loko wa kunja. Za munthu wolowa masana atanyamula chikwanje, mpeni kapena mfuti pamene ana ali m'kalasi, omanga sanaziganizire. Komatu munthu wotere akhoza kukhala wachifwamba wotsata ndalama za fizi, kholo lolusa limene likulimbirana mwana banja litatha, gulu lokwiya ndi mphekesera, kapena wofuna kuba mwana wachialubino, mchitidwe umene unakula m'dziko muno kuyambira mu 2014. Apolisi ngakhale atathamanga chotani, mphindi zoyamba zimakhala m'manja mwa mphunzitsi, mlonda ndi mayi wophika phala, choncho maphunziro ake ayenera kukhala a zinthu zochepa zimene munthu wogwidwa mantha angathe kuzikumbukira.

Yambani ndi kusonkhanitsa anthu oyenera

Aphunzitsi aakulu ayambe ndi kukambirana nkhaniyi ndi komiti yoyendetsa sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi ndiponso a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale) a m'zoni yawo, kenako alembere kalata mkulu wa polisi yapafupi, kaya ndi Kawale, Lingadzi, Kanengo kapena ya ku Area 3, kupempha wapolisi woona za chitetezo cha m'madera kuti adzakhale nawo pamaphunzirowo. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuitana aphunzitsi okhaokha. Mlonda, wosesa, amayi a Mother Group, matironi wa ku hositelo ngakhalenso amayi ogulitsa mandasi pageti ndiwo amayamba kuona mlendo, ndipo m'chiwembu cha pa Garissa University College ku Kenya pa 2 Epulo 2015, chimene chinapha anthu 148, oyamba kuwomberedwa anali alonda a pachipata. Mlonda asaphunzitsidwe kugwirana ndi munthu wa zida. Ntchito yake yaikulu ndi kuchenjeza msanga.

Yenderani sukulu yonse pamodzi

Musanaphunzitse chilichonse, yendani pasukulupo ndi pepala m'manja, ndipo mujambule malo onse olowera, kuphatikizapo pamene mpanda unagumuka ndi tinjira tachidule timene anthu ndi akabaza amadutsamo popita kumsika. Kumene kulibe mpanda, gwirizanani kuti mlendo aliyense azifikira ku ofesi ndi kulembetsa m'buku, ndipo wogwira ntchito aliyense azolowere kulonjera munthu wachilendo mwaulemu n'kumufunsa kuti, "Tikuthandizeni chiyani, bambo?" Funso limenelo limaoneka laling'ono, koma limadziwitsa mlendoyo kuti waonedwa.

Pachitseko chilichonse imani ndi kudzifunsa ngati mphunzitsi angathe kuchitseka ali m'kati, popanda kutuluka ndiponso popanda kufunafuna kiyi. Pa Robb Elementary School ku Uvalde m'dziko la America, pamene ana 19 ndi aphunzitsi awiri anaphedwa pa 24 Meyi 2022, zitseko za makalasi zinkakhomedwa ndi kiyi kuchokera kunja, ndipo apolisi amene anafika msanga anadikira mphindi 77 asanalowe m'chipinda mmene munali chigawengacho. Mpiringidzo wachitsulo wotsekera m'kati, umene wowotcherera wa m'dera lanu angapange, ndi wokwanira, bola ukhale wolimba ndipo uikidwe pamene mwana wa Sitandade 1 sangaseweretse.

Apa pali vuto limene sukulu zathu siziyenera kulinyalanyaza. Kalasi ya chitseko chimodzi ndi mawindo a zitsulo imateteza ana pamene woukirayo ali panja, koma imasanduka msampha akalowa kapena akayatsa moto. Pa Lhubiriha Secondary School ku Mpondwe m'dziko la Uganda, zigawenga zinafika usiku mu Juni 2023, zinatema ana ndi zikwanje ndi kutentha chipinda chogona, ndipo anthu oposa 40 anafa. Chifukwa cha zimenezi, chipinda chilichonse, makamaka hositelo, chikhale ndi windo limodzi limene zitsulo zake zimatseguka kuchokera m'kati, ndipo ana asamatsekeredwe ndi loko wa kunja usiku, ngakhale chifukwa chake chikhale kuopa kuti angazembe.

Gwirizanani chizindikiro chimene aliyense angachimve

Belu la sukulu zambiri ndi limu ya galimoto yopachika pamtengo, ndipo likalira mosalekeza ana amathamangira pabwalo la asembule. Pa ngozi ya moto zimenezo n'zabwino, koma pamene pali munthu wa zida ndiye kuti mwamusonkhanitsira ana pamalo amodzi. Chizindikiro cha woukira chikhale chosiyana kotheratu ndi belu: gulani mawezulo, mupatse wogwira ntchito aliyense, ndipo mugwirizane kaimbidwe kake, mwachitsanzo kuimba katatu motalikitsa, kupuma, n'kubwerezanso. Womva aimbenso yake kuti uthenga ufike ku buloko yakutali ndi kuzimbudzi. Mawu achinsinsi musavutike nawo, chifukwa mphunzitsi wongobwera kumene sawadziwa, kufuula kuti "Munthu wa chikwanje pageti, tsekani!" kumathandiza kuposa. Nenaninso momveka kuti aliyense ali ndi ufulu woimba wezulo osayamba wapempha kwa aphunzitsi aakulu, ndiponso kuti woimba molakwitsa sadzadzudzulidwa, pakuti ulemu wodikira akuluakulu umene tinakula nawo ukhoza kutayitsa mphindi zofunika.

Phunzitsani kusankha pakati pa kuthawa ndi kubisala

Gawo limeneli ndilo liyenera kutenga nthawi yambiri, chifukwa palibe lamulo limodzi lokwanira paliponse. Ngati ana ali panja, pabwalo la masewero kapena akuphunzirira pansi pa mtengo, ndipo woukirayo ali kutali, mphunzitsi awatsogolere kuthawa molowera kumene kulibe phokoso, zikwama atazisiya, mpaka pamalo amene munagwirizana kale. Malowo akhale awiri mbali zosiyana za sukulu, monga tchalitchi, mzikiti kapena sukulu yoyandikana nayo, ndipo eni ake adziwitsidwe pasadakhale.

Ngati ana ali m'kalasi ndipo simukudziwa kumene woukirayo ali, kutulutsa ana 90 kapena 100 pachitseko chimodzi n'koopsa, chifukwa akhoza kupondana kapena kukumana naye pakhonde. Pamenepo mphunzitsi ayang'ane panja msangamsanga, alowetse mwana aliyense amene ali pafupi ngakhale wa kalasi ina, atseke ndi mpiringidzo, ndipo aunjike madesiki kuchitseko. Ana akhale kapena agone pansi motsamira khoma la njerwa, kutali ndi mawindo ndiponso posayang'anizana ndi chitseko, pakuti chitseko cha matabwa ndi malata zimabisa munthu koma siziimitsa chipolopolo. Mafoni azimitsidwe kulira. Chitseko chisatsegulidwe chifukwa choti wina wagogoda n'kunena kuti ndi wapolisi. Chitsegulidwe pokhapokha mwamva mawu a munthu amene mukumudziwa, monga mwa mgwirizano wanu.

Kukhazika chete ana a Sitandade 1 ndi 2 ndi luso lofunika kuyeserera. Ana aang'ono amayang'ana nkhope ya mphunzitsi, ndipo akaona kuti wanjenjemera nawonso amalira, choncho alankhule motsitsa mawu, ndi ziganizo zazifupi, monga kuti, "Ana inu, tikhale pansi, tigwirane manja, tikhale chete." Lembani mayina a ana oyenda pa njinga ya olumala, osaona, osamva ndi achialubino, ndipo aliyense akhale ndi munthu wamkulu amene wapatsidwa udindo womuthandiza, pamodzi ndi wina wolowa m'malo tsiku limene woyambayo palibe. Mwana wosamva saimva wezulo, choncho gwirizanani naye chizindikiro cha manja.

Kulimbana ndi woukira n'kwa akuluakulu okha, ndipo n'kwa nthawi imene walowa m'chipinda ndipo palibenso kothawira. Maganizo opatsa aphunzitsi mfuti ine sindikuwaona ngati anzeru: chida chosungidwa pasukulu chimakopa akuba, ndipo wapolisi wofika mothamanga sangasiyanitse mphunzitsi wonyamula mfuti ndi chigawenga. Ngati munthuyo akufuna ndalama kapena katundu, mpatseni apite.

Konzani za kuitana thandizo

Nambala ya 997 ndi ya apolisi, koma musadalire imeneyo yokha. Tengani nambala za m'manja za polisi ya m'dera lanu ndi za wapampando wa achitetezo a m'dera, muzisunge m'foni ya wogwira ntchito aliyense, ndipo ku ofesi kukhale mafoni a TNM ndi Airtel okhala ndi moto komanso mayunitsi. Yesererani zonena: dzina la sukulu ndi dera, polowera pake, chiwerengero cha oukira, zida zawo, zovala zawo, kumene aonedwa komaliza, ndi ngati pali ovulala. Ku Lilongwe malo ambiri timalondolera ndi zizindikiro, choncho sankhani chizindikiro chimodzi chodziwika bwino chimene aliyense azitchula. Apolisi akafika, ana ndi aphunzitsi asawathamangire. Manja awo azioneka, opanda kanthu, ndipo atsate zimene auzidwa.

Phunzirani kuletsa magazi

Munthu wotemedwa pamtsempha waukulu akhoza kufa m'mphindi zochepa, galimoto isanafike n'komwe ku Kamuzu Central Hospital. Pemphani a Malawi Red Cross Society, a St John Ambulance kapena namwino wa pachipatala chapafupi kuti aphunzitse ogwira ntchito onse ndi manja, osati pabolodi pokha. Chofunika kwambiri ndi kupanikiza bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, ngakhale chitenje, osachotsa kuti muone ngati magazi aleka. Nsalu ikanyowa, onjezerani ina pamwamba. Mpeni wotsalira m'thupi usazulidwe. Kumanga mkono kapena mwendo ndi lamba woletsa magazi kumapulumutsa moyo, koma kumafuna kuphunzitsidwa bwino: amamanga chakumtunda kwa bala, mbali yolowera kuthupi, osati pabala penipeni kapena pamfundo, ndipo nthawi imene wamangidwa ilembedwe. Buloko iliyonse ikhale ndi kabokosi kake ka magolovesi ndi mabandeji, chifukwa bokosi lokhomeredwa mu ofesi ya aphunzitsi aakulu silithandiza kalasi imene yadzitsekera.

Yesererani, koma musaopseze ana

Yambani ndi akuluakulu okha pa tsiku lopanda ana. Mmodzi afotokoze chochitika, mwachitsanzo kuti ndi nthawi ya buleki, ana ali pamzere wa phala, ndipo amuna awiri a zikwanje alowera kuseri kwa zimbudzi, kenako aliyense anene chimene angachite ali pamalo pake. Mukatero yendani n'kuchita zenizeni, wina akuwerenga nthawi imene yatenga kuti wezulo imveke paliponse ndi zitseko zitsekedwe. Mukafika poyeserera ndi ana, dziwitsani makolo ndi anthu oyandikana nanu tsiku lake lisanafike, ndipo ana auzidwe kuti n'kuyeserera chabe. Kuvalitsa munthu chigoba, kuphulitsa makombola kapena kudzidzimutsa ana n'kulakwa. Kumasiya ana ena akuopa sukulu, ndipo m'madera mwathu kukhoza kuutsa khamu la anthu n'kuvulaza woyesererayo.

Makolo ndi za pambuyo pake

Uthenga umodzi wa pa WhatsApp ukhoza kudzaza geti ndi makolo m'kanthawi kochepa, n'kutseka njira ya apolisi ndi ambulansi. Pamsonkhano wa makolo fotokozani kumene azikatengera ana, ndipo sankhani munthu mmodzi yekha wolankhulira sukulu. Mphunzitsi aliyense aitane mayina m'rejisitala, anene msanga za mwana amene sakuoneka, ndipo mwana aperekedwe kwa kholo kapena womulera wodziwika, atasayinira. Woganiziridwa akagwidwa aperekedwe kwa apolisi. Kumumenya kapena kumutentha ndi mlandu, ndipo ana akaona zimenezo amavulala m'maganizo kawiri. Ana amene akulephera kugona, akukodzera pamphasa kapena akukana kubwerera kusukulu afunika uphungu, ndipo thandizo lingapezeke ku Victim Support Unit ya polisi kapena pa nambala yaulere ya ana ya 116.

Muwauzenso ogwira ntchito kuti chiopsezo chilichonse, kaya n'cha kholo limene lanena kuti libwera kudzathana ndi mphunzitsi, mwana wobwera ndi mpeni m'chikwama, kapena mlendo wofunsafunsa za mwana wachialubino, chilembedwe m'buku ndi kuperekedwa kwa aphunzitsi aakulu tsiku lomwelo. Maphunziro onsewa abwerezedwe kumayambiriro kwa teremu iliyonse, pakuti aphunzitsi amasamutsidwa, alonda amasintha, ndipo ophunzira ntchito ochokera ku makoleji a aphunzitsi amafika osadziwa kanthu. Aliyense watsopano apatsidwe wezulo, aonetsedwe mpiringidzo ndi malo awiri othawira m'sabata yake yoyamba, asanasiyidwe yekha ndi kalasi.