Kope, cholembera ndi buku lalifupi: momwe timaphunzirira kapangidwe ka nkhani

Loweruka masana timakumana anthu ochepa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga ku Kapata, kuno ku Chipata, kuwerenga mabuku a ku Latin America omasuliridwa m'Chingelezi. Amene akuyamba kumene ndimawauza kuti mabuku a akatswiri ofotokoza kapangidwe ka nkhani ayambe awasiya kunyumba. Abwere ndi kope ndi cholembera basi.

Yambani ndi buku lalifupi. Ine ndimasankha Crónica de una muerte anunciada la Gabriel García Márquez wa ku Colombia, la mu 1981. Lili ndi mitu isanu yokha, ndipo chiganizo choyamba chimakuuziranitu kuti Santiago Nasar aphedwa tsiku lomwelo. Mapeto mwawadziwa kale, komabe simuliika pansi. Chimene chikukukokanicho ndiye chofunika kuchigwira.

Lembani mzere pakati pa tsamba. Kumanzere muzilemba zochitika monga momwe bukulo likukupatsirani, chilichonse ndi nambala yake. Mukamaliza, kumanja muzisanje monga zinachitikira: ukwati wa Ángela Vicario, mwamuna wake kumubweza kwa makolo ake usiku womwewo atapeza kuti anali atagonapo kale ndi mwamuna wina, iye kutchula dzina la Santiago kuti ndiye mwamunayo, alongo ake amapasa Pedro ndi Pablo kunola mipeni yophera nkhumba ndi kumauza aliyense zimene akufuna kuchita, kenako imfa. Muona manambala akudumphadumpha, chifukwa kubaya kwenikweniko wolemba anakusungira masamba omaliza. Akatswiri a ku Russia a m'ma 1920 ankati za kumanjazo ndi fabula, za kumanzerezo syuzhet. Gérard Genette wa ku France, m'buku lake Figures III la mu 1972, anapatsa mayina kubwerera m'mbuyo ndi kudumphira kutsogolo. Mayinawo mudzawagwira msanga ngati manja anu anayamba agwira ntchitoyi.

Tsopano funso limene ndimalikonda kwambiri: akulankhula ndani, nanga akuona ndani? Si munthu mmodzi nthawi zonse. Wofotokoza m'bukuli wabwerera kwawo patapita zaka 27, akufunsa anthu mmodzimmodzi. Ena akuti m'mawa umenewo kunawala dzuwa, ena akuti kunkagwa mvula yowaza. Amene munakhalapo pa bwalo la amfumu mukuzidziwa izi. Kwathu ku Katete ndinamverapo mlandu wa ng'ombe zimene zinadya chimanga cha eni: mbusa anayambira nkhani kudambo, mwini munda anayambira pa tsiku limene anabzala, mboni ina inayambira pa udani wa makolo awo. Palibe amene ananama, koma aliyense anasankha poyambira ndi poti akhalitsepo. Choncho pambali pa chochitika chilichonse lembani dzina la amene wakuuzani, ndi chimene iyeyo akuopa kapena kudziteteza nacho. Werenganinso masamba. Ngati mphindi zochepa zadya masamba ambiri pomwe zaka zambiri zadutsa m'ndime imodzi, ikani chizindikiro pamenepo.

Mukazolowera, tengani Pedro Páramo la Juan Rulfo wa ku Mexico, la mu 1955. Ili ndi lolimba, musathamange nalo. Juan Preciado akupita ku Comala kukafuna bambo ake chifukwa mayi ake anamulamula ali pafupi kumwalira. Cha pakati mumazindikira kuti mawu amene mwakhala mukumvawo akuchokera m'manda, momwe Juan akucheza ndi Dorotea, mayi amene anaikidwa naye manda amodzi. Pano gwiritsani zolembera za mitundu yosiyana, mawu a munthu aliyense ndi mtundu wake, ndipo mukafika pamandapo bwererani ku tsamba loyamba. Rayuela la Julio Cortázar, la mu 1963, lija la mitu 155 yoti mutha kuiwerenga modumphadumpha, liyembekeze kaye.

Chomaliza ndi pakamwa. Tsekani buku, mmodzi ayambe kuti "Padangokhala", ena ayankhe "Tili tonse", afotokoze nkhaniyo m'Chichewa motsata mbali ya kumanja ija, kuyambira pa chiyambi mpaka imfa. Titayesa ndi ya Santiago, inatha msanga ngati nkhani wamba ya kubwezera, ndipo mayi wina pagulupo anadandaula kuti mlandu wa mudzi wonse, wa anthu amene anamva koma osachenjeza, wasowa. Tinatsegulanso makope kufufuza kuti mlanduwo wolemba anauika pa manambala ati.