Mlendo akabwera pamene mukusula zitsulo

Kwa inu amene mumakumana Loweruka masana kuti musule zitsulo pamodzi, kaya ndi ku Kapata muno mu Chipata kapena ku Katete, ndikupemphani kuti munthu wobwera koyamba musamamusiye atangoima pambali n'kumaonerera. Mpatseni nyundo yaing'ono ndi kachidutswa ka aluminiyamu tsiku lomwelo, chifukwa aluminiyamu ndi wofewa ndipo amamvera nyundo msanga, kotero kuti mlendoyo adzabwerera kwawo atanyamula kambale kamene wapanga ndi manja ake. Ine ndaona kuti wopita ndi kanthu m'manja ndiye amabweranso sabata yotsatira.

Mmodzi wa akuluakulu akhale naye pafupi, amufotokozere kuti chitsulo chikamenyedwa kwambiri chimauma n'kuyamba kung'ambika, ndipo mankhwala ake ndi kuchifewetsanso pamoto. Pa aluminiyamu pakani sopo, mutenthetse pang'onopang'ono pa makala mpaka sopoyo atada, kenako muchotse msanga, popeza aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 asanafiire n'komwe. Koma malata okutidwa ndi zinki, amene timapangira ndowa, musawaike pamoto, makamaka pamene anthu asonkhana, pakuti utsi wake woyera umabweretsa kutentha thupi ndi litsipa. Nkhani imeneyi ndimaibwereza kawirikawiri chifukwa achinyamata ambiri saidziwa.

Za zipangizo, gwirizanani poyambirira. Chitsulo chachikulu chosulirapo chikhale cha onse, koma sizasi yodulira malata ya mnzanu muziyamba mwapempha, ndipo muziibweza musanabalalike, ngakhale mwini wakeyo atakhala mlamu wanu.