Mwana akamenyetsa mutu, msinkhu wake ndiwo uyambe kukudetsani nkhawa

Makolo anzanga a mu Lilongwe, pali mawu amene timatonthozana nawo mwana akagwa: "ndi mwana uyu, achira yekha." Pa mkono wothyoka mawuwa ali ndi choonadi. Pa ubongo ayi.

Ngakhale akatswiri anakhulupirira zomwezi kwa nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1930, Margaret Kennard, katswiri wa za ubongo wa ku America, anaona kuti ana a anyani ovulazidwa mbali imodzi ya ubongo ankayambiranso kuyenda bwino kuposa anyani aakulu. Koma kafukufuku wa pambuyo pake, pa makoswe, pa ana a nkhumba ndi pa ana a anthu, anaonetsa kuti ubongo wonse ukagwedezeka mwamphamvu, wamng'ono kwambiri ndiye amapweteka koposa.

Chifukwa chake chili m'thupi la khandalo. Mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, khosi n'losalimba, ndiye akagwa umatsogola ndi mutu. Chigaza n'chopyapyala, ndipo liwombo silitsekeka mpaka mwana atakwanitsa pafupifupi miyezi 18. Ubongo uli ndi madzi ambiri, n'ngofewa, mitsempha yake sinakhwime. N'chifukwa chake kugwedeza khanda mwaukali likamalira usiku kungathe kulipha kapena kulichititsa khungu, pakhungu popanda bala lililonse. Mukaona kuti mtima wakwera, ligonekeni pamphasa, tulukani kaye panja.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti vuto la mwana wamng'ono limabisala. Wovulala ali ndi zaka ziwiri angathe kuoneka wochira, kenako atafika Sitandade 2 n'kumalephera kugwira zimene aphunzitsi anena, kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga. Zili ngati chimanga chobooledwa ndi mbozi chili m'mawondo: kuperewera kumadzaoneka pokolola. Mwana wotere timamukwapula kuti ndi waulesi.

Ngozi zake timazidziwa. Khanda limagubuduka pabedi kapena pakhonde. Wazaka zisanu ndi ziwiri amagwa mumtengo nyengo ya mango. Koma imene yakula masiku ano ndi ya kabaza wa njinga yamoto: mayi wachokera ku Area 25 kapena kwa Chinsapo, khanda lili kumbuyo m'chitenje mutu uli lendelende, wina wamkulupo wamukhazika kutsogolo pathanki, chisoti chili ndi woyendetsa yekha. Ngati muli ndi khanda, kwerani minibasi ngakhale ichedwe.

Mwana akamenyetsa mutu, thamangirani naye kuchipatala ngati wakomoka ngakhale pang'ono, akusanza mobwereza, akugona osadzutsika, akunjenjemera ngati wa khunyu, akukana bere, akulira mosatonthozeka, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi. Gwirani liwombo ali phee osalira: likatukumuka n'kulimba, m'mutumo zinthu sizili bwino. Musalipake mankhwala azitsamba n'kudikira. Khanda losakwana chaka, lipititseni ngakhale zizindikiro zisanaoneke, makamaka ngati m'mutu mwatupa. Ku Kawale, ku Area 18 kapena pachipatala chilichonse chapafupi akaona kuti nkhani ndi yaikulu, amatumiza ku Kamuzu Central.

Wagwa kuchokera pamwamba kapena wagundidwa, musamunyamule mwachisawawa. Mutu ndi khosi zikhale mowongoka, mumugoneke pachinthu cholimba. Aspirin musamupatse, amawonjezera kutaya magazi. Mukabwerera naye kunyumba, muyang'anireni masiku awiri, ndipo asathamangire kumpira mutu ukadali kuwawa.

Pemphani achipatala alembe za ngoziyo m'buku la mwanayo, ndipo bukulo mulisunge. Akadzayamba sukulu, auzeni aphunzitsi ake kuti anavulalapo mutu ali ndi zaka zingati.