Momwe mungasamukire ku United States kuchokera ku Canada pa chilolezo cha TN

Nzika zambiri za Canada zimene zapeza ntchito ku United States zimawoloka malire pa chilolezo cha TN, chimene chinabwera ndi mgwirizano wa zamalonda wa NAFTA mu 1994 ndipo chinapitirira pamene mgwirizanowo unalowedwa m'malo ndi USMCA mu 2020. Ubwino wake ndi wakuti simupita ku ofesi ya kazembe. Mumachipempha pamalire pomwepo, kaya pa mlatho ngati Ambassador Bridge pakati pa Windsor ndi Detroit, kapena pa bwalo la ndege ngati Toronto Pearson, kumene akuluakulu a United States amaona zikalata ndege isananyamuke. Chilolezochi ndi cha nzika zokha, choncho amene ali ndi khadi la PR lokha (lomulola kukhazikika ku Canada asanakhale nzika) adikire kaye unzika.

Yambani ndi kuonetsetsa kuti ntchito yanu ili pa mndandanda wa ntchito pafupifupi 60 zovomerezeka, monga uinjiniya, unamwino ndi kuwerengera chuma cha makampani, komanso kuti digiri yanu ikugwirizana nayo. Ngati digiriyo munaitenga kunja kwa North America, monga ine amene ndinaphunzira ku Malawi, iyenera kuunikidwa ndi bungwe loona kufanana kwa maphunziro, ndipo musachedwe nazo chifukwa zimatenga masabata angapo.

Kenako pali kalata yochokera kwa olemba ntchito, ndipo apa ndi pamene ndinapunthwa. Kampani imene inandilemba inanditumizira kalata yokongola, ine n'kuiika m'fayilo osaiwerenga mofatsa. Nditafika pamalire, ndinakhala pa benchi maola awiri, galimoto itadzaza makatoni, mpaka wapolisi wa pamalire anandiitana, n'kutembenuza kalatayo kuti indiyang'ane, n'kuloza ndi cholembera mawu amodzi osonyeza kuti ntchitoyo inali yokhazikika, yopanda tsiku lothera. Iye sanalakwitse kanthu, pakuti TN ndi ya munthu wokhala kwa kanthawi, ndipo imaperekedwa kwa zaka zosapitirira zitatu nthawi imodzi, ngakhale kuti imatha kuwonjezeredwa. Ndinabwerera tsiku lomwelo, nyumba imene ndinkachita lendi nditaibweza kale, ndipo ndinagona masiku asanu ndi anayi pabalaza pa mnzanga podikira kalata ina. Kalatayo itchule dzina la ntchito ndendende monga lilili pa mndandanda, zimene mudzachite tsiku ndi tsiku, malipiro, maphunziro anu, ndiponso nthawi imene ntchito idzathere. Musabweze makiyi a nyumba kapena kutsanzika kuntchito yakale chilolezo chisanatuluke. Ndi bwino kupita kukachitenga chimanjamanja, katundu n'kutsatira pambuyo.

Pamalire mumalipira $50, kuwonjezerapo ndalama ya chikalata cha I-94, chosonyeza tsiku lolowera ndi nthawi imene mwaloledwa kukhala m'dzikomo, ngati mwadutsa pamsewu. Ndikutchula mtengowu chifukwa pali anthu odzitcha alangizi a zosamukira kunja amene amalipiritsa madola masauzande pongosonkhanitsa mapepala amene mukanasonkhanitsa nokha. Ngati nkhani yanu ndi yovuta, funani loya weniweni. Mukalandira chilolezo, onani tsiku lothera pa I-94 yanu pa intaneti, chifukwa likhoza kufupikitsidwa ngati pasipoti yatsala pang'ono kutha. Mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana osafika zaka 21 amalowa pa chilolezo cha TD, chimene chimalola kuphunzira koma osati kugwira ntchito, ndipo ngati iwo si nzika za Canada, nthawi zambiri amayenera kutenga kaye viza ku ofesi ya kazembe.

Pa katundu, zinthu za m'nyumba zimene mwazigwiritsa ntchito kwa chaka kapena kuposerapo sizilipiritsidwa msonkho, ndipo zikamabwera padera ndi kampani yonyamula katundu mumadzaza fomu 3299. Chenjerani ndi makampani amene amatchula mtengo wotsika pafoni asanaone n'komwe katundu, chifukwa ena amakweza mtengo katundu ali kale m'lole. Afunseni nambala yawo ya USDOT, yosonyeza kuti analembetsa ku unduna wa zamtengatenga wa United States. Galimoto imafuna kalata yochokera kwa amene anaipanga yotsimikizira kuti ikukwaniritsa malamulo a United States, pamodzi ndi mafomu HS-7 ndi 3520-1.

Mukafika, dikirani masiku pafupifupi khumi musanakapemphe nambala ya Social Security, imene boma limakudziwirani pa za ntchito ndi msonkho. Mbiri yanu ya ngongole ya ku Canada nthawi zambiri siikutsatirani, ndipo njira yachidule ndi kutsegula akaunti ku banki imene imagwira ntchito m'mayiko onse awiri, monga TD Bank kapena RBC. Inshuwalansi ya chipatala ya chigawo chanu, monga OHIP ya ku Ontario, imatha mukasamuka, choncho funsani tsiku limene ya kuntchito idzayambire. Pa fomu ya msonkho ya CRA, bungwe lotolera misonkho ku Canada, mulembe tsiku limene munachoka, ndipo za akaunti ya TFSA, yosungira ndalama mopanda msonkho ku Canada, mukambirane ndi wodziwa za misonkho musananyamuke, pakuti ku United States phindu lake limadulidwa msonkho.