Momwe mungaonere ngati KPTI ikuteteza laputopu yanu ya Linux

Malaputopu ambiri amene ophunzira amanyamula kuchoka ku Chikanda kupita m'makalasi ku Chirunga ndi a kaunjika: ma Dell, HP ndi Lenovo okhala ndi purosesa yakale ya Intel Core i3 kapena i5. Mapurosesa amenewa ndi omwe ali ndi chibowo cha Meltdown, chomwe chinaululidwa mu Januwale 2018. Purosesayo imathamangira kuwerenga memory isanatsimikize ngati pulogalamu ili ndi chilolezo. Ikazindikira kuti chilolezo palibe imataya zomwe yawerengazo, koma mapazi amakhala atatsala mu cache (kamemory kachangu ka mkati mwa purosesa), ndipo pulogalamu yachinyengo imatha kuwalondola mpaka kupeza mapasiwedi ndi makiyi omwe ali m'manja mwa kernel, yomwe ndi phata la Linux loyang'anira memory ndi mapulogalamu onse.

Mankhwala ake pa Linux ndi KPTI (Kernel Page-Table Isolation). Kale page table imodzi, yomwe ndi ndandanda wa maadiresi a mu memory, inkasunga maadiresi a pulogalamu ndi a kernel pamodzi. KPTI imawalekanitsa, moti pulogalamu ikamayenda imangoona masamba ake okha ndi kachigawo kochepa kolowera ku kernel. Nzeruyi inachokera ku Graz University of Technology ku Austria mu 2017, ikutchedwa KAISER, ndipo inalowa mu Linux 4.15.

Poyamba tsegulani Terminal mulembe:

uname -r

Ngati nambala yake ili 4.15 kapena kupitirira, KPTI ilimo. Makina akalekale a 32-bit anaipeza mochedwa, pa 4.19.

Kenako funsani kernel mwachindunji:

cat /sys/devices/system/cpu/vulnerabilities/meltdown

Ikayankha kuti "Mitigation: PTI", zonse zili bwino. "Not affected" mudzaiona pa mapurosesa a AMD ndi a Intel atsopano omwe anakonzedwa kufakitale, ndipo pamenepo palibe chochita. Koma mukaona "Vulnerable", musatseke Terminal.

Kawirikawiri sikuti kernel ilibe KPTI, koma kuti wina anaizimitsa. Pali okonza makompyuta ena omwe, kasitomala akadandaula kuti makina akuchedwa, amazimitsa chitetezo chonse n'kumuuza kuti "tsopano ikuthamanga, bwana". Kuti mudziwe, lembani:

cat /proc/cmdline

Fufuzani mawu awa: nopti, pti=off, kapena mitigations=off. Lachitatulo ndiye loipitsitsa chifukwa limachotsanso chitetezo cha Spectre ndi zibowo zina za purosesa.

Mukawapeza, pa Ubuntu, Linux Mint kapena Debian tsegulani fayilo ya GRUB, pulogalamu yomwe imayambitsa Linux kompyuta ikayatsidwa:

sudo nano /etc/default/grub

Pa mzere womwe ukuyamba ndi GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT fufutani mawuwo okha, musiye "quiet splash" monga ilili. Yang'ananinso mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX, poti ena amawabisa pamenepo. Apa m'pofunika kufatsa: mukafufuta chizindikiro chotsekera mawu mwangozi, lamulo lotsatira likana. Sungani ndi Ctrl+O kenako Enter, tulukani ndi Ctrl+X, ndipo lembani:

sudo update-grub

Batire za malaputopu a kaunjika zambiri zinafa kale, choncho chitani zimenezi magetsi ali okhazikika, osati nthawi yomwe akuzimazima. Yambitsaninso kompyuta, mubwereze lamulo la cat lofunsa za meltdown lija, kapena lembani sudo dmesg | grep -i isolation, pomwe muyenera kuona mzere wonena kuti page tables isolation ili "enabled".

Nanga zochedwa zija? N'zoona kuti KPTI ili ndi mtengo, chifukwa nthawi iliyonse pulogalamu ikapempha thandizo kwa kernel, purosesa imasintha page table. Wolemba asayimenti mu LibreOffice kapena woonera kanema sangazindikire kusiyana kwenikweni. Omwe amakumva ndi oyendetsa database yotanganidwa. Onani ngati purosesa yanu ili ndi PCID, yomwe imachepetsa kuchedwako:

grep -o -m1 pcid /proc/cpuinfo

Ine maganizo anga ndi akuti kompyuta ya mu kafe ya intaneti kapena mu labu ya sukulu, pomwe anthu amalowetsa mafulashi awo tsiku lonse, isazimitsidwe KPTI ngakhale pang'ono. Ngati ikukwawa, ikanimo SSD kapena onjezerani RAM.

A Windows, chitetezo chofanana nacho chimatchedwa KVA Shadow ndipo chinabwera ndi ma update a Januwale 2018. Mu PowerShell ikani SpeculationControl, mulembe Get-SpeculationControlSettings, muone ngati KVAShadowWindowsSupportEnabled ikunena True pomwe KVAShadowRequired ilinso True.