Mmene Mungasankhire Mlangizi wa Thanzi la Maganizo ku Dedza

Ngati nkhawa kapena chisoni chikukulepheretsani kugona ndi kugwira ntchito, yambirani pa chipatala chachikulu cha boma cha Dedza, kumene mungapemphe kuonana ndi namwino wodziwa za matenda a maganizo popanda kulipira. Ku Lilongwe kulinso chipatala cha St John of God, chomwe chimathandiza anthu odwala matenda a maganizo.

Musachite manyazi kufunsa mlangiziyo kumene anaphunzira ntchito yake, pakuti dokotala ayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, pomwe namwino amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Funsaninso mmene amasungira chinsinsi, chifukwa m'tauni yaing'ono ngati ino nkhani sichedwa kufika kumsika. Mlangizi amene salola kuti mulankhule, amene amakudzudzulani, kapena amene amalonjeza kuti muchira m'sabata imodzi, musiyeni ndipo mufune wina.